Mzere Wachitatu

1. Ntchito ya pa tchuthi

Sukulu inatsekera Lachisanu. Mvula inayamba Lamulungu. Nairobi yense anasanduka matope.

Upile anali mtsikana wa Fomu 3. Kwawo kunali ku Ndirande. Ku Nairobi anabwera chaka chathachi, kudzakhala ndi malume ake, a Ambrose, ku Madaraka. Malumewo ankagwira ntchito ya ziwerengero ku bungwe lina la zaumoyo. Akazi awo, a Pauline, ankathandiza ku mpingo.

Mpingowo unkaphikira ana phala m'malo atatu. Ku Buruburu. Ku Umoja. Ndi malo ena kuseri kwa Umoja, kutsidya kwa kamtsinje konunkha. Amalawi ankangoti Kumlatho. Wophika kumeneko anali mayi wa konko, Mama Lorna.

Chaka chimenecho ufa unachepa. Komiti ya mpingo inagamula. Ana awerengedwe. Malo amene apezeke akuwononga ufa atsekedwe.

A Ambrose anali pa ulendo wa ku Kisumu. Chikwama chili kale pakhomo, anaitana Upile.

"Ku sukulu munaphunzira matirikisi?"

"Eya, ankolo. Zija za m'mabulaketi."

"Mabulaketi okha ndi amene unaona? Fizi yanga inapita pachabe." Anaseka pang'ono, n'kujambula pa pepala. "Taona. Malo aliwonse akhala ndi mzere wake wogona. Buruburu pamwamba. Umoja pakati. Kumlatho pansi. Mzere uliwonse ukhala ndi manambala atatu: ana aang'ono, apakati, okulirapo. Matirikisi ndi imeneyo. Matumba a ufa amene malo aliwonse amadya timawadziwa kale. Chimene sitikudziwa n'chakuti mwana wa msinkhu uliwonse amadya wochuluka bwanji. Zosadziwika zitatu, mizere itatu. Ndikabwera ndidzaitembenuza, yankho lidzatuluka. Tidzaona ngati wina akuwononga, kapena ana ndi amene achuluka. Iwe ungondibweretsera mizereyo."

Atachoka, a Pauline anamukhazika pansi.

"Tamvera, mwana iwe. Ana a kumeneko sawerengedwa ngati a m'kalasi. Alibe kaundula. Amabwera ndi kapu, amamwa, amabalalika. Ena kukatola mabotolo, ena kukalera ang'ono awo. Ukawafuna masana suwapeza. Uziima pambali pa mphika phala likamagawidwa. Kapu ikadutsa, uziyang'ana nkhope ya mwini wake, uzichonga. Ukachedwa, wachedwa. Usakafunse wophika kuti abwera angati. Iye amaona makapu, misinkhu saiona. Ndipo usandibweretsere za m'mutu. Manambala amenewa ndi mimba za ana a eni. Lachitatu madzulo ndikutumiza zonse kwa a Reinford, apampando. Wamva?"

"Ndamva, anti."

2. Belo la majekete

Lolemba anapita ku Buruburu. Anaima pa mphika. Anachonga.

Lachiwiri anapita ku Umoja. Chimodzimodzi.

Lachitatu m'mawa foni inalira. Anali Tamanda, mwana wa a Reinford. Tamanda anakulira ku Nairobi. Chichewa chake chinali cha zigamba.

"Iwe wa ku Ndirande, uli wapi? Ku Buruburu akutsegula belo la majekete. Mitumba ya ukweli, kaunjika weniweni. Ukachedwa upeza zamaliro zokhazokha."

"Ndikupita Kumlatho."

"Njira si yomweyo? Ungotsika pang'ono. Kapena ukufuna uzizungulirabe ndi juzi ya ankolo ako ija? Ukuoneka ngati mlonda."

Upile anayang'ana juziyo. Manja ake ankalendewera mpaka m'zala.

Anatsika ku Buruburu.

Wogulitsa anachedwa kudula zingwe. Anthu anakankhana. Upile anatulukamo ndi jekete yachikasu, ya zipi yamoyo. Anaivala pomwepo. Tamanda anati tsopano akuoneka ngati munthu.

Onse awiri anakwera minibasi, imene kumeneko amati matatu. Mvula inakula. Magalimoto anaima. Kondakitala anamenya chitseko, anatukwana, koma msewu sunasunthe.

Atatsika, Tamanda anaona matope a ku mlatho. Anayang'ana nsapato zake.

"Ine ndikudikira pa siteji. Pita ukawerenge ana ako."

Upile anawoloka yekha.

Chisakasa chinali cha malata akale. Ana kunalibe. Pansi ponse panali mapazi ang'onoang'ono, odindika m'matope, opondana, mpaka kukhota kuseri kwa chisakasa. Upile anawaona. Anawalumpha.

Mayi wamtali, wowonda, ankatsuka mphika waukulu ndi phulusa. Anakweza mutu.

"Uji imeisha, mtoto wangu."

Phala latha. Zimenezo Upile anamva. Mama Lorna anapitiriza m'Chiswahili chapang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi mwana wa nazale.

"Ndiwe wa kwa Pauline? Anandiimbira. Ndinakudikira, koma ana sadikira. Khala apa, mvula ikuvumbwa."

Analowa m'kati. Anatuluka ndi kapu yovundikira ndi mbale.

"Ndinakusungirako. Mlendo sabwerera ndi njala."

Phalalo linali lofunda. Linali lamadzimadzi. Upile anamwa lonse.

"Ubwere mawa m'mamawa," anatero Mama Lorna. "Uwaone wekha. Ine ndikawauza a komiti, amati ndikukokomeza."

Upile anagwedeza mutu. Anathokoza. Anabwerera.

3. Pakatikati

M'matatu, Tamanda anamuyang'ana.

"Nkhope yatani? Ana akuluma?"

"Ndawapeza atapita. Anti akutumiza manambala lero."

"Ukawauze kuti kunali jamu."

"Afunsa kuti jekete ndaitenga kuti."

Tamanda anaseka. "Si iwe umakhoza masamu? Tenga avereji. Malo awiri uli nawo kale. Ndani angapite ku matope kuja kukatsimikiza? Adadi anga? Ndi suti?"

Upile anatulutsa pepala. Anaika pa bondo.

Buruburu: 22, 31, 14.

Umoja: 40, 17, 28.

Anaphatikiza 22 ndi 40, anagawa pawiri. Anachita chimodzimodzi ndi enawo. Manambala anatuluka oyera, opanda zotsalira.

Kumlatho: 31, 24, 21.

Anaoneka ngati enieni. Sanali ochuluka. Sanali ochepa.

"Waona?" anatero Tamanda. "Palibe wafa."

Jekete anaipinda, anaiika pansi pa chikwama. Anavala juzi ija.

Kunyumba a Pauline anawerenga pepalalo ali chiimire. Anaphatikiza ndi chala. Anakhala pansi.

"Ana 76 okha? Kuchepa kuposa ku Umoja?"

"Eya, anti."

"Koma ufa umene umapita Kumlatho ukungofanana ndi wa malo awiri enawa kuphatikiza." Anayang'ananso pepalalo. "Lorna? Ayi. Mayi uja ndadya naye mbale imodzi. Upile, unawerenga bwinobwino?"

"Ndinawerenga, anti."

"Unaima pa mphika?"

"Eya."

A Pauline anajambula pepalalo ndi foni. Chala chinaima pang'ono m'mwamba. Kenako chinatumiza.

A Reinford sanadikire a Ambrose. Anati izi n'zoonekeratu, sizifuna wa digiri. Lachinayi analamula kuti ufa wa Kumlatho uyambe waima mpaka komiti ikumane Loweruka. Nkhani inalowa pa gulu la pa foni la amayi a mpingo. Pofika masana inali itatuluka mu mpingo.

Tsiku limenelo a Pauline sanadye. Upile anadya pang'ono. Mvula sinasiye.

4. Ziro

A Ambrose anafika Lachisanu masana. Anamva nkhani yonse asanavule nsapato. Anapempha pepalalo. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Upile, bwera ndi cholembera. Undipezere ditaminanti."

Ditaminanti ndi nambala imodzi imene imatuluka m'matirikisi. Ndi imene imanena ngati matirikisi itembenuke kapena ayi. Upile ankaidziwa. Anachulukitsa mopingasa, monga anaphunzirira. Anapeza manambala atatu: 868, 6062, ndi wina wochotsera, 6930.

Anaphatikiza awiri oyambawo. Anachotsa wachitatu.

Cholembera chinaima.

"Yatuluka chiyani?"

"Ziro."

"Bwereza. Mwina walakwitsa."

Anabwereza. Ziro.

A Ambrose anavula magalasi. Mawu awo sanakwere.

"Ditaminanti ikakhala ziro, matirikisi sitembenuka. Ilibe njira yobwerera. Yankho limene timafuna silingatuluke. Ukudziwa chifukwa chake? Ganiza za mlandu wa mboni zitatu. Woyamba wanena zimene anaona. Wachiwiri wanena zimene anaona. Wachitatu waimirira, wavala bwino, walumbira. Koma kunalibeko. Akungosakaniza mawu a anzake awiri aja. Woweruza akuyesa ali ndi mboni zitatu, pamene ali ndi ziwiri. Mzere wachitatuwu ndi mboni yotero. Sukunena chatsopano. Taona. Theka la mzere woyamba, kuphatikiza theka la wachiwiri. Malo onse atatu, ndendende. Ana enieni sabadwa motsata avereji, Upile."

A Pauline anali ataima pa khomo la khitchini. Sanalowe.

"Ndikufunsa kamodzi," anatero a Ambrose. "Kumlatho unawerenga?"

Upile anayang'ana tebulo.

"Ndinawerenga, ankolo."

"Chabwino."

Anapinda pepalalo pawiri.

"Ndiye umve izi, poti mayi ako anakupereka m'manja mwanga. Pa ntchito yanga ndaona amuna a ndevu akuchita zimenezi. Awatuma kumudzi wakutali. Aona phiri, aona mvula. Akhala pansi pa mtengo, adzaza mapepala. Amati palibe amene adziwe. Nthawi zambiri amanena zoona, palibe amene amadziwa. Koma mudzi uja mankhwala safika. Mjigo sukumbidwa. Mwana amafa kumeneko, ndipo amene anamupha sadziwa n'komwe dzina lake. Bodza la pakamwa limapweteka amene walimva. Bodza la nambala limayenda lokha. Limalowa m'ofesi, limakhala pa tebulo la komiti, anthu amaliweramira chifukwa lavala ngati choonadi. Munthu akanama timamuyang'ana m'maso. Nambala ilibe maso.

"Wonama uja amasankha pakatikati. Amati pakati sipapweteka munthu. Koma amene akuvutika kwambiri sakhala pakati. Amakhala kumapeto, kutsidya kwa mlatho, kumene nsapato zabwino sizifika. Ukawalembera avereji, wawafufuta.

"Mawa ndikauza komiti kuti mzere uwu ndi wakufa. Zimenezo ndingathe. Koma sindingathe kuyeretsa Lorna. Nambala yeniyeni ndilibe. Ndipo a Reinford za ditaminanti sazimva. Adzati Ambrose wabwera ndi masamu ake kudzateteza mnzake wa mkazi wake. Anthu aja amamva chinthu chimodzi: munthu woimirira n'kunena kuti ndine. Ine sindikukakamiza. Ndikakukakamiza, mawa udzanamanso mwaluso kuposa apa. Koma dziwa kuti zinthu zina zili ngati matirikisi iyi. Ukazichita sizitembenuka. Madzi akatayika sawoleka. Dzina la munthu ndi madzi amenewo."

Anaimbira a Reinford pomwepo. Upile anamva mbali imodzi yokha.

"Ayi, bambo, manambalawo ali ndi vuto... Ndikudziwa... Ufawo bwanji upite kaye?... Chabwino. Mawa."

Anaika foni pansi.

"Akuti tikambirana mawa. Akuti mwana wa m'nyumba mwanga sanganame."

A Pauline anabwerera ku khitchini. Madzi anayamba kutuluka pa mpope. Anatuluka nthawi yaitali, popanda mbale yolira.

5. Makapu

Loweruka Upile anadzuka kusanayere bwino. Anatenga pepala latsopano. Anavala juzi ya malume ake. Sanauze munthu.

Msewu unali wopanda jamu. Anafika nthawi yabwino, nthawi imene anayenera kufika Lachitatu.

Ana analipo.

Anali pa mzere, m'mbali mwa malata, kuthawa madontho. Aliyense ndi kapu. Makapu apulasitiki, zitini za majarini, botolo lodula pakati. Mzerewo unakhota kuseri kwa chisakasa, momwe munkapita mapazi aja.

Utsi kunalibe. Pa chitseko panali loko. Pamwamba pa loko wina analemba ndi khala, zilembo zikuluzikulu: MWIZI. Wakuba.

Upile anaima pamene pamakhala mphika. Anayamba kuchonga. Ankayang'ana nkhope iliyonse. Wamng'ono. Wapakati. Wamng'ono. Wamng'ono wina ali kumsana kwa mkulu wake, naye ndi kapu yake.

Anadutsa 76 asanafike pokhota.

Anapitiriza. Pepala linanyowa. Anatembenuza, analemba kuseri. Atamaliza anaphatikiza. Ana 143. Ambiri anali aang'ono.

Mayi wina wogulitsa masamba pafupi ankamuyang'ana. Analankhula m'Chiswahili chothamanga. Upile anapempha kuti abwereze.

"Ndati ukuwerengeranji? Phala kulibe. Dzana ufa sunabwere. Dzulo amayi a ana awa anamva kuti Lorna amagulitsa ufa wa mpingo. Anabwera gulu. Anamuponyera matope. Mayi amene amawonjezera ufa wa m'nyumba mwake mphika ukachepa. Ine ndinkaona ndi maso angawa."

"Ali kuti?"

"Akumanga katundu. Akuti sangakhale pamene ana amene anawadyetsa akumuloza chala. Basi ya kwawo inyamuka masana ano."

"Nanga anawa akudikira chiyani?"

Mayiyo anakweza mapewa. "Anazolowera. M'mimba simumva nkhani."

Kamtsikana kena kanachoka pa mzere. Kanali ndi diresi ya munthu wamkulu, yomanga mfundo kumbuyo. Kanaona pepala ndi cholembera, kanayesa Upile ndi wa mpingo. Kanakweza kapu.

"Uji?"

Upile anatulutsa foni. Inalira kawiri.

"Ankolo."

"Uli kuti? Anti ako akufunafuna."

"Ndili Kumlatho. Ana alipo 143. Ndawawerenga ndi nkhope." Anayang'ana mzere wa ana uja. "Lachitatu sindinawerenge. Ndinachedwa. Ndinali ku majekete."

"Ndikudziwa kuti sunawerenge."

"Mama Lorna akuchoka masana ano. Pa chitseko alembapo kuti wakuba."

Kumbuyo kwa a Ambrose kunkamveka mipando ndi anthu akupatsana moni.

"Usauze ine, Upile. Ine ndinamva kale kwa ziro uja. Tili mu holo ya mpingo. A Reinford ali pano. Ndiwapatse foni, kapena ndidule?"

Kamtsikana kaja kanali chiimire. Dzanja linatopa. Kanasinthira kapu ku dzanja lina.

"Apatseni."

Foni inakhwekhwereza. Kunabwera mawu olemera, a munthu wozolowera kutsegula misonkhano.

"Halo? Ndani?"

"Ndine Upile, bambo. Ndine amene ndinalemba mzere wachitatu."

"Mzere wanji?"

"Wa Kumlatho. Ndinaupeka. Mama Lorna sanabe."

Mvula inkagogoda malata. Ana onse tsopano ankamuyang'ana.

"Mtsikana iwe," anatero a Reinford, "ukudziwa zimene ukunenazi? Ine ndinaimitsa ufa chifukwa cha pepala lako. Dzina langa lili pamenepo." Anapuma mwamphamvu. "Ndakuika pa sipika. Komiti yonse ikumva. Uyambire poyamba. Unali kuti Lachitatu m'mawa, ndipo unali ndi ndani?"

Upile anatsegula pakamwa. Tsiku limenelo anali ndi Tamanda, mwana wa a Reinford omwewo.

Kutsidya kwa mlatho, mayi wamtali, wowonda uja anatuluka m'kanjira. Anali atasenza chikwama cha mizeremizere, mphika waukulu uli m'manja. Sanayang'ane ku chisakasa. Analunjika ku siteji.